Chipata cha ku Hillsborough

Aliyense amene wagwirapo ntchito m'boma amaidziwa kalata yokweza munthu pa udindo. Imabwera mu envulopu ya khaki, imatchula giredi yatsopano, malipiro atsopano ndi tsiku lokayamba ntchito. Kalatayo siifunsa ngati munthuyo akuidziwa ntchito imene akukailowayo. Ine ndinailandirapo kalata yotere, ndipo mkulu amene ndinalowa m'malo mwake anangondisiyira makiyi ndi masamba awiri a malangizo. Zolakwa zanga za miyezi yoyambirira zinathera m'mafayilo, palibe anafa nazo. Koma alipo maudindo ena amene munthu akamaphunzira ntchito ali kale pampando, anthu amataya miyoyo. Umodzi mwa maudindo otere ndi wa mkulu wa apolisi amene amalamula pa tsiku la ngozi. Mbiri ya zimene zinachitika pa bwalo la mpira la Hillsborough, mumzinda wa Sheffield ku Mangalande, ikutiphunzitsa zimenezi momveka bwino.

Linali Loweruka pa 15 Epulo 1989. Matimu a Liverpool ndi Nottingham Forest amakumana m'masewero a semifainolo ya chikho cha FA Cup, ndipo mpira umayenera kuyamba 3 koloko masana. Matimu omwewa anali atakumananso pa bwalo lomweli chaka cha 1988. Pa ulendo umenewo wolamula apolisi anali a Brian Mole, amene analidziwa bwalolo ngati kunyumba kwawo. Koma patangotsala masabata atatu kuti masewero a 1989 achitike, a Mole anasamutsidwa, ndipo m'malo mwawo munalowa a David Duckenfield amene anali atangokwezedwa kumene kukhala Chief Superintendent. Mkuluyu anali atagwira ntchito ya upolisi zaka zambiri, koma anali asanalamulirepo masewero aakulu chotere pa bwalo limeneli. Anangokhala ndi masiku 21 oti adziwe zonse, ndipo pansi pawo panali apolisi oposa 1,000.

Kuti timvetse chimene chinalakwika, tiyenera kulidziwa kaye bwalolo. Ochemerera Liverpool anapatsidwa mbali ya msewu wa Leppings Lane. Kumeneko kunali malo oonerera mpira choimirira, ndipo anthu pafupifupi 10,000 amene anali ndi matikiti a malo amenewa amayenera kulowera pa timakomo 7 tokha, todutsa munthu mmodzimmodzi. Malo oimirirawo anali atagawidwa ndi mipanda yachitsulo kukhala makola, ndipo kutsogolo kwake kunali mpanda wina wautali woletsa anthu kulowa m'bwalo. Munthu akangodutsa pa kakhomo, chimene amayamba kuona chinali kanjira kodzera kunsi kwa mipando, kamene kamakatulukira m'makola awiri apakati, kumbuyo kwenikweni kwa golo. M'chaka cha 1988, makola apakatiwa atadzaza, apolisi anatseka kanjirako n'kumalozera anthu ku makola a m'mbali. Nzeru imeneyi inali m'mitu ya apolisi ochepa amene analipo chaka chimenecho. Mtsogoleri watsopano sanaidziwe.

Itakwana 2:30 masana, kunja kwa timakomo tija kunali chikhamu cha anthu opanikizana. Ganizo lochedwetsa masewero linabwera koma silinatsatidwe. Mkulu wa apolisi amene anali kunjako, poona kuti anthu afa, anapempha kangapo pa wailesi kuti zipata zotulukira zitsegulidwe. Nthawi ili 2:52 a Duckenfield analamula kuti chipata chotchedwa Gate C chitsegulidwe, ndipo m'mphindi zochepa anthu pafupifupi 2,000 analowa. Kutsegula chipatako pakokha kunali ndi chifukwa chomveka, pakuti kunja moyo wa anthu unali pachiswe. Chimene chinasowa ndi funso lotsatira, lakuti anthu amenewa akalowa alowera kuti. Palibe analamula kuti kanjira kaja katsekedwe. Khamu lonse linatsetserekera m'makola apakati amene anali atadzaza kale, pamene makola a m'mbali anali ndi malo.

Kanyumba kamene a Duckenfield amalamulira kanali pamwamba, moyang'anana ndi makolawo, ndipo munali makanema oonetsa zochitika. Komabe pamene anthu anayamba kukwera mpanda pothawa imfa, maganizo oyamba a olamula anali akuti ochemerera akufuna kusokoneza masewero. M'zaka zimenezo apolisi a ku Mangalande anali atazolowera kuona ochemerera mpira ngati anthu achipolowe, choncho maso awo anaona chimene anazolowera kuona. Mpira unaimitsidwa 3:06. Ochemerera anzawo ndiwo anazula zikwangwani za malonda n'kumanyamulirapo ovulala ngati machira, pamene maambulansi ambiri anaima kunja kwa bwalo. Tsiku limenelo anthu 94 anafa ndipo mazanamazana anavulala. Ena anatsikira kuli chete pambuyo pake, womaliza mu 2021, ndipo chiwerengero chonse chinafika 97. Wamng'ono pa onsewo anali mwana wa zaka 10.

Mitembo ikadali pabwalo, a Duckenfield anauza a Graham Kelly, mkulu wa bungwe loyendetsa mpira ku Mangalande, kuti ochemerera ndiwo athyola chipata. Bodza limeneli linafika msanga kwa atolankhani, ndipo patapita masiku anayi nyuzipepala ya The Sun inalemba nkhani zonyoza anthu a ku Liverpool, zimene inadzapepesa patapita zaka zambiri. Woweruza wamkulu Peter Taylor, amene boma linamupatsa ntchito yofufuza za ngoziyi, anatulutsa lipoti lake loyamba mu Ogasiti 1989. Iye anapeza kuti gwero lalikulu la ngoziyo linali kulephera kwa apolisi kulamulira zinthu, ndipo kusatseka kanjira kaja anakutcha kulakwitsa kwakukulu zedi. Lipoti lake lomaliza, la mu Januwale 1990, ndilo linachititsa kuti mipanda ichotsedwe ndi kuti mabwalo a matimu akuluakulu akhale a mipando yokhayokha.

Tisaganize kuti dziko la Britain linalibe sukulu za atsogoleri a apolisi. Koleji ya apolisi inakhazikitsidwa mu 1948 ku Ryton-on-Dunsmore, ndipo mu 1960 inasamukira ku nyumba yakale ya Bramshill m'chigawo cha Hampshire. Kumeneko ndi kumene amene amayembekezeka kudzatsogolera apolisi amakasulidwa, pamodzi ndi akuluakulu a apolisi ochokera m'maiko ena ambiri, mpaka pamene malowa anatsekedwa mu 2015. Ndondomeko yolamulira pa nthawi ya zipolowe inaliponso. Pa 6 Okutobala 1985 kunabuka zipolowe ku Broadwater Farm, m'dera la Tottenham mumzinda wa London, ndipo wapolisi wina, Keith Blakelock, anaphedwa. Usiku umenewo kunali kovuta kudziwa amene akulamula chiyani. Pambuyo pake apolisi a mu London anakonza dongosolo la magawo atatu lotchedwa Gold, Silver ndi Bronze, kutanthauza golide, siliva ndi mkuwa. Wa Gold amakhala patali n'kumanena cholinga chachikulu ndi kupeza zofunika. Wa Silver amakonza njira yokwaniritsira cholingacho. A Bronze amakhala pamalo penipeni, aliyense ndi dera lake kapena ntchito yake.

Mfundo yaikulu ya dongosolo limeneli, monga limaphunzitsidwira lero, ndi yakuti chimatsogola ndi ntchito imene munthu wapatsidwa ndi kuiphunzira, osati nyota zimene zili pa phewa lake. Wa nyota zambiri akafika pamalo a ngozi sangolanda ulamuliro chifukwa cha ukulu wake. Apa ndi pamene panali kusiyana ndi za ku Hillsborough, kumene udindo wolamula masewero unangobwera limodzi ndi mpando. Masiku ano ku England ndi Wales, wapolisi amene akufuna kulamula pa zionetsero kapena pa masewero aakulu amayenera kuchita maphunziro apadera, kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi amene anazolowera, kenako kuvomerezedwa, ndipo chivomerezocho chimaunikidwanso pakapita nthawi. Bungwe la College of Policing, limene linakhazikitsidwa mu 2012, ndilo limaika miyezo yake.

Kaphunzitsidwe nako kanasintha. Kale mtsogoleri amaphunzira pomvera nkhani m'kalasi. Koma munthu sangaphunzire kuganiza ali pampanipani pongowerenga buku. N'chifukwa chake kunabwera njira zoyeserera ngozi, monga ya Hydra imene inakonzedwa ndi Jonathan Crego. Ophunzira amaikidwa m'magulu m'zipinda zosiyana, ndipo uthenga umawafikira pang'onopang'ono kudzera m'makanema, m'mawu ojambulidwa ndi m'makalata, wina wosakwanira, wina wotsutsana ndi unzake, monga zimakhalira pa tsiku lenileni. Chiganizo chilichonse chimene apanga amachilemba pamodzi ndi chifukwa chake, kenako onse amakumana n'kumafunsana. Chizolowezi cholemba chiganizo ndi chifukwa chake pa nthawi yomweyo chili ndi phindu pawiri. Chimamukakamiza wolamula kudzifunsa za chotsatira, funso lija limene linasowa pa 2:52. Chimatsekanso mpata wodzasintha nkhani mawa.

Phunziro lina linachokera ku imfa ya munthu mmodzi. Pa 22 Epulo 1993 mnyamata wachikuda, Stephen Lawrence, anabayidwa ndi gulu la anyamata achizungu ku Eltham mu London. Apolisi anayendetsa kafukufuku mwamphwayi ndipo makolo ake sanawalabadire. Lipoti la William Macpherson la mu Febuluwale 1999 linapeza kusadziwa ntchito, tsankho lokhazikika m'bungwe la apolisi, ndi kulephera kwa atsogoleri. Kuchokera apo apolisi anayamba kuyeza kukula kwa nkhani mwa njira ina. Nkhani yofunika utsogoleri wapadera inakhala iliyonse imene kachitidwe ka apolisi kangathe kugwedeza chikhulupiriro cha wolakwiridwa, banja lake kapena anthu a m'dera. Kutanthauza kuti ntchito ya wolamula siithera pamene ambulansi yomaliza yachoka. Mmene akulankhulira ndi ofedwa, ndi zimene akuuza dziko, ndi mbali ya ntchito yomweyo.

Mabanja a ku Liverpool anadikira zaka 27 kuti boma livomereze zimenezi. Bwalo loyamba lofufuza za imfazo linagamula mu 1991 kuti inali ngozi chabe, ndipo silinafune kumva umboni wa zimene zinachitika itadutsa 3:15. Mu 2012 gulu loima palokha, lotsogozedwa ndi Bishopu James Jones, litaunika zikalata linapeza kuti maumboni 164 a apolisi anasinthidwa, ndipo mwa amenewa 116 anachotsedwamo mawu odzudzula apolisi. Linapezanso kuti anthu okwana 41 akanatha kupulumuka chithandizo chikanafika msanga. Nduna yaikulu David Cameron inapepesa m'nyumba ya malamulo. Pa bwalo lachiwiri, mu 2015, a Duckenfield anavomera kuti ananama, ndi kuti kusatseka kanjira kaja ndiko kunadzetsa imfazo. Pa 26 Epulo 2016 bwalolo linagamula kuti anthuwo anaphedwa mosemphana ndi malamulo, ndipo ochemerera analibe mlandu. Pa mlandu wawo wa kukhoti a Duckenfield anapezeka osalakwa mu Novembala 2019. Akuluakulu a apolisi a m'dzikolo anapepesa mabanjawo mu Januwale 2023.

Sindikunena kuti maphunziro anathetsa zonse. Pa 22 Meyi 2017 bomba linaphulika ku Manchester Arena n'kupha anthu 22. Ozimitsa moto, amene ali ndi luso lonyamula ovulala, anafika patatha maola awiri, ndipo ofufuza anapeza kuti wapolisi amene amalamula poyambirira anachulukidwa ntchito moti anzake a m'mabungwe ena amalephera kumupeza pa lamya. Chomvetsa chisoni n'chakuti poyeserera ngozi yotere chaka cha 2016, vuto lofanana ndi limeneli linaoneka kale. Kuyeserera kumene zotsatira zake zangosungidwa m'kabati n'kutaya nthawi.

Kuno kwathu mayina a maudindo a apolisi ndi omwewo amene tinatengera kwa Angerezi, ndipo chipata cha bwalo la mpira chinatiliritsapo. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa zipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe pa tsiku lokondwerera ufulu. Choncho za ku Sheffield sizili kutali nafe monga mapu akuonetsera. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo tsiku la ngozi silisankha kuti amene ali pampando wakhalapo zaka khumi kapena masiku 21.

Ndikamaganizira za a Duckenfield, maganizo anga amapitanso kwa amene anasaina kalata yowakweza, ndi kwa amene anadziwa za kanjira kaja koma osaona chifukwa chozilembera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo n'zoona kuti mkuluyo akanafunsa. Koma m'maofesi ambiri, kuphatikizapo amene ndagwiramo ine, munthu wokwezedwa kumene amaopa kufunsa poopa kuoneka wosayenera mpandowo. Ife amene timalemba ndi kusaina makalata okweza anzathu tizikumbukira kuti kalata imapereka udindo basi. Luso lolamula limabwera ndi kuphunzitsidwa, kuyeserera ndi kuyenda pambali pa amene anadutsamo kale, ndipo zonsezi ziyenera kuchitika tsiku la ngozi lisanafike.