Nyumba Zozizira za ku England: Mbiri ya Malamulo a Boma pa Kamangidwe ka Nyumba

Nyumba iliyonse imalipiridwa kawiri. Malipiro oyamba ndi a njerwa, matabwa ndi amisiri, ndipo amenewa amatha tsiku limene denga lafoleredwa. Malipiro achiwiri ndi a nkhuni, malasha, gasi kapena magetsi amene wokhalamo ayenera kugula kuti aphike ndi kuotha, ndipo amenewa satha kufikira nyumbayo itagwa. Kawirikawiri wolipira poyamba amakhala munthu wina, wolipira kachiwiri winanso. M'nkhani ino tifuna kutsata mbiri ya malamulo a kamangidwe ka nyumba ku England, dziko limene makolo athu ankalitcha Mangalande, kuti tione mmene Boma la kumeneko linachedwera kusamala za malipiro achiwiriwa, ndi mavuto amene kuchedwako kwagwetsera zidzukulu. Tasankha dzikoli pakuti mbiri yake inalembedwa bwino chaka ndi chaka, ndiponso pakuti malamulo athu a mapulani a mizinda anatengera a komweko.

Msonkho wa moto ndi wa mazenera

Poyamba Boma la Angerezi linkaona nyumba monga chinthu chokhometserapo msonkho, monganso Boma la Atsamunda linachitira kuno kwathu ndi msonkho wa nyumba. M'chaka cha 1662 linalamula kuti malo aliwonse osonkhapo moto m'nyumba azilipiridwa masheleni awiri pa chaka. Anthu anaipidwa nawo kwabasi msonkho umenewu chifukwa okhometsa ankalowa m'kati mwa nyumba kukawerenga, motero unathetsedwa mu 1689. Koma mu 1696 panabwera wina, wa mazenera, pakuti mazenera munthu atha kuwawerenga ataimirira pamsewu. Msonkho uwu unakhala zaka 155, kufikira 1851. Pouthawa, eni nyumba ambiri anatseka mazenera ndi njerwa, ndipo amphawi a m'nyumba za lendi anakhala mumdima ndi mumpweya woipa. Mazenera otsekedwawo akuonekabe pa nyumba zina zakale za m'dzikomo.

Lamulo lalikulu loyamba lonena za kamangidwe linadza chifukwa cha tsoka. Mu Seputembala 1666 moto unapsereza nyumba zoposa 13,000 mu mzinda wa London, zambiri mwa izo zamatabwa. Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inalamula kuti nyumba zatsopano za mumzindamo zimangidwe ndi njerwa kapena miyala, ndipo inatchula ngakhale kuchindikala kwa makoma. Owerenga asunge bwino mfundo iyi, pakuti tikumana nayo kangapo: lamulo linkatsata pambuyo pa tsoka looneka ndi maso, lopha anthu ambiri nthawi imodzi.

Kolera ndi malamulo a ukhondo

Mafakitale atachuluka, anthu anakhamukira ku mizinda monga Manchester, Leeds ndi Birmingham kukafuna ntchito. Kumeneko omanga anawamangira tinyumba totsamirana misana, m'mizere italiitali. Nyumba yotere inkagawana makoma atatu ndi zinzake, khomo ndi mazenera zili mbali imodzi yokha, ndipo mabanja ambiri ankalimbirana chimbudzi chimodzi. Nthenda ya kolera inafika m'dzikomo mu 1831, nibweranso mu 1848. M'chaka cha 1842 Edwin Chadwick anatulutsa lipoti losonyeza kuti m'mabanja a antchito wamba a ku Manchester zaka za omwalira, pozigawa mofanana, zinali 17 zokha, pamene kwa anzawo a kumidzi ya ku Rutland zinali 38. Kolera sinkasankha wolemera kapena wosauka, ndipo Boma linachita mantha. Lamulo la za umoyo linakhazikitsidwa mu 1848, ndipo lina la mu 1875 linapatsa makhonsolo mphamvu zolamula kukula kwa misewu, mazenera, ngalande ndi zimbudzi za nyumba zatsopano. Mu 1909 kumanga nyumba zotsamirana misana kunaletsedwa, ndipo makhonsolo analoledwa kwa nthawi yoyamba kulemba mapulani a madera atsopano a mizinda.

Malamulo amenewa anapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Komabe tione chimene anasiya. Akatswiri ambiri a masiku amenewo ankakhulupirira kuti matenda amayenda ndi fungo loipa, choncho chimene ankafuna kwambiri n'chakuti mphepo izilowa ndi kutuluka m'nyumba momasuka. Za kutentha kumene kunkatuluka pamodzi ndi mphepoyo sanaziganizire. Khoma la nyumba ya mmisiri linali la njerwa zokhazokha, mainchesi asanu ndi anayi kuchindikala kwake, lopanda mpata pakati. Zenera linali la galasi limodzi. Moto unkasonkhedwa pamalo otseguka pansi pa chumuni, ndipo gawo lalikulu la kutentha kwake linkakwera kumwamba ndi utsi, kotero kuti wootha ankapsa kumaso, kumsana kukuzizira. Panalibe wodandaula kwambiri chifukwa malasha anali mbwee: mu 1913 mokha migodi ya ku Britain inakumba matani 287 miliyoni. Malasha otsika mtengowo ndiwo anabisa kuipa kwa makoma.

Boma liyamba kumanga ndi kukonza mizinda

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabuka maganizo akuti mzinda uyenera kulingaliridwa usanamangidwe. Ebenezer Howard, m'buku lake la mu 1898, anafotokoza za mzinda wa minda, wa nyumba zotalikirana, wokhala ndi mitengo ndi mabwalo, ndipo mzinda woyamba wotere, Letchworth, unayambidwa mu 1903. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, lamulo la mu 1919, lodziwika ndi dzina la nduna Christopher Addison, linalamula makhonsolo kumanga nyumba za anthu wamba ndi thandizo la ndalama za Boma. Lonjezo linali nyumba 500,000, koma ndalama zitachepa zinamangidwa pafupifupi 213,000. Itathanso nkhondo yachiwiri, lamulo la mu 1946 linakhazikitsa mizinda yatsopano, woyamba Stevenage, ndipo la mu 1947 linanena kuti munthu, ngakhale malo ali ake, asamange popanda chilolezo cha khonsolo. Mabomba anali atagumula nyumba zambiri, mabanja akusowa pogona, tsono zipani zinayamba kupikisana pa chiwerengero. Harold Macmillan, ali nduna ya za nyumba, anatchuka chifukwa chofikitsa nyumba 300,000 pa chaka mu 1953. Nduna inkatamandidwa ndi kuchuluka kwa madenga, ndipo malasha amene banja lidzatenthe pansi pa dengalo sankalowa m'chiwerengero cha munthu aliyense wa Boma.

Zizindikiro za vuto zinalipo. Kumayambiriro kwa 1947 kunazizira koopsa, malasha anasowa, magetsi ankazimitsidwa ndipo mafakitale ambiri anatsekedwa kwa kanthawi. Kenaka, kuyambira pa 5 kufikira pa 9 Disembala 1952, nkhungu yosakanikirana ndi utsi wa malasha inakuta London kotero kuti munthu sankaona bwino ngakhale poponda. Poyamba anawerenga anthu pafupifupi 4,000 ofa nayo, koma ofufuza a pambuyo pake anati mwina anafika 12,000. Monga mwa chizolowezi chija, tsoka linabala lamulo: la mu 1956 linapatsa makhonsolo mphamvu zoletsa malasha a utsi m'madera ena, nilithandiza eni nyumba ndi ndalama zosinthira malo awo osonkhapo moto. Utsi unachepadi, koma makoma anatsala monga analili.

Mu 1961 komiti ya Sir Parker Morris inalangiza kuti nyumba yatsopano izitha kutenthetsedwa kufika madigiri 18 pabalaza ndi 13 kukhitchini pamene kunja kwazizira mpaka madzi kuundana. Uphungu uwu unakhala lamulo pa nyumba za makhonsolo mu 1969, koma unasiyidwa mu 1980. Malamulo oyamba a kamangidwe a dziko lonse, olembedwa mu 1965, ndiwo anayamba kuika malire pa kutentha kothawira pakhoma. Akatswiri ali ndi muyeso wake, chiwerengero chosonyeza kutentha kumene kumadutsa pa khoma la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Chiwerengerocho chikachepa ndiye kuti khomalo likusunga kutentha bwino. Malire a mu 1965 anali 1.7, ndipo anali ofewa kotero kuti khoma wamba la mizere iwiri ya njerwa, la mpata pakati, linkawakwanitsa popanda kuikamo kanthu kena kalikonse.

Mafuta akwera mtengo

Chimene madokotala ndi akatswiri analephera kuchita chinachitika ndi mtengo wa mafuta. Chakumapeto kwa 1973 maiko okumba mafuta anachepetsa malonda awo, ndipo m'miyezi yowerengeka mtengo unakwera pafupifupi kanayi. Nthawi yomweyo okumba malasha anali pa mkangano ndi Boma, motero kumayambiriro kwa 1974 mafakitale analoledwa magetsi masiku atatu okha pa mlungu. Apa mpamene Boma linaona kuti khoma lotaya kutentha likutaya chuma cha dziko. Malire aja anatsitsidwa kufika 1.0 mu 1976, napitirira kutsika mpaka 0.35 mu 2002. Omanga anayamba kufunditsa nyumba, ndiye kuti kuyala zinthu zonga ubweya pamwamba pa siling'i ndi m'mipata ya makoma, ndi kuika mazenera a magalasi awiri.

Koma lamulo la kamangidwe limagwira nyumba yatsopano, ndipo nyumba zatsopano za chaka chimodzi sizifika ngakhale imodzi pa 100 ya nyumba zonse za m'dzikomo. Pa nyumba zisanu zilizonse za ku England, pafupifupi imodzi inamangidwa chisanafike chaka cha 1919. Motero mwana wa lero amagona m'kati mwa khoma limene linavomerezedwa ndi lamulo la mu 1875. Nduna zimene zinalemba lamulolo zinaiwalika kalekale, koma banja likulipirabe kusaona patali kwawo mwezi ndi mwezi.

Munthu akadayesa kuti phunziro lamveka, koma mbiri ya posachedwapa ikutsutsa. Mu 2006 Boma linalengeza kuti pofika 2016 nyumba zonse zatsopano zidzakhale zosaonjezera mpweya wotenthetsa dziko. Omanga ndi opanga zipangizo anakonzekera zaka zisanu ndi zinayi, koma mu Julayi 2015 Boma linafafaniza lonjezolo ponena kuti lifuna kupeputsira omanga katundu kuti nyumba zichuluke msanga. Mwezi womwewo linaleka kuthira ndalama m'ndondomeko ya Green Deal, yoyambidwa mu 2013, imene inkabwereketsa ndalama zofunditsira nyumba zakale. Mabanja pafupifupi 14,000 okha ndiwo anatenga ngongoleyo, pakuti chiwongoladzanja chinali chokwera. Kukonza nyumba yomangidwa kale kuli ndi zoopsa zakenso kukachitika mosasamala. Pa 14 Juni 2017 nyumba yosanja ya Grenfell ku London inapsa ndi kupha anthu 72, moto utayenda msanga m'zinthu zoyaka zimene anakutira nazo kunja kwake poikonza. Ndipo mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itakweza mtengo wa gasi, Boma linakakamizika kulipirira mabanja gawo la ndalama zawo za gasi ndi magetsi, chuma chochuluka chimene mbali yake inangotulukira m'makoma ndi m'madenga.

Phunziro lake kwa ife

Chifukwa chake cha kuchedwa konseku sichovuta kuchiona. Moto, kolera ndi utsi zinkapha anthu poyera, ndipo zinkaopsa olemera ndi osauka pamodzi. Kuzizira kumadwalitsa nkhalamba ndi makanda mwakachetechete, m'nyumba imodzi imodzi, ndipo womanga amakhala atalandira kale ndalama zake napita. Pokhapokha lamulo litamukakamiza, womanga alibe chomuchititsa kuwononga ndalama pa chinthu chimene phindu lake adzadya ndi wina. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: chimene chikadatheka ndi ndalama zochepa pomanga chimadya ndalama zambiri pochikonza nyumba itatha.

Ife sitili kutali ndi mbiri imeneyi. Lilongwe, amene anakhala likulu la dziko mu 1975, anakonzedwa potsata maganizo a mzinda wa minda aja, ndipo chilolezo cha mapulani chimene timakapempha ku khonsolo ndi mwana wa malamulo a Angerezi. Mdani wathu wamkulu ndi kutentha kwa dzuwa, ngakhale kuti wogona pansi pa malata mu Juni ku Dedza amadziwanso kuzizira. Mphunzitsi aliyense akudziwa mmene ana amaodzerera masana mu Okutobala m'kalasi ya malata yopanda siling'i, pamene nyumba ya agogo ya udzu ndi khonde lozungulira imakhala yozizirira bwino tsiku lomwelo. Malata ndi abwino, sadontha ndipo sagwira moto msanga, koma tikawerenga madenga a malata okha ngati chizindikiro cha chitukuko tidzakhala tikubwereza chiwerengero cha Macmillan.

Inu amene mukuphunzira uphunzitsi mudzakhala m'makomiti a sukulu pamene makalasi ndi nyumba za aphunzitsi zikulingaliridwa. Pali zinthu zimene sizidya ndalama zambiri zikaganiziridwa maziko asanakumbidwe: kuyang'anitsa makoma aatali kumpoto ndi kumwera kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo ligunde makoma aafupi, kutalikitsa denga kuti lichite mthunzi, kuika mazenera moyang'anizana kuti mphepo idutse, kuika siling'i, ndi kubzala mitengo chakumadzulo. Funsani za zimenezi pulani ikadali papepala, ndipo phunzitsani ana kufunsa za mtengo wokhalira m'nyumba monga amafunsira za mtengo woimangira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.