Masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali

Masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali ndi masewera amene anthu awiri kapena ochulukirapo amayerekezera nkhondo zakale patebulo, poyendetsa tizidole motsatira malamulo olembedwa.

Gwero lake ndi masewera otchedwa Kriegsspiel a ku Prussia, amene Georg von Reisswitz wamng'ono anakonza mu 1824 kuti akuluakulu a asilikali aziphunzirirapo nzeru za nkhondo pa mapu. Malamulo osewerera kunyumba anatchuka ndi buku la H. G. Wells lotchedwa Little Wars la mu 1913, momwe tizidole tinkagwetsedwa ndi kamzinga kachidole koponya timitengo. Buku la Donald Featherstone lotchedwa War Games la mu 1962 linakopa osewera ambiri ku Britain.

Tizidoleti timapangidwa ndi chitsulo kapena pulasitiki, ndipo kutalika kwake kawirikawiri kumakhala mamilimita 6, 15 kapena 28. Mwini wake amatipenta yekha, akutsata mitundu ya yunifolomu za nthawiyo, kenaka amatimata pa timatabwa m'magulumagulu. Kachidole kamodzi kangaimire asilikali ambiri. Patebulo amaikapo timapiri, timitengo, mitsinje ndi tinyumba. Mtunda woyenda ndi wowombera amauyeza ndi tepi, pomwe madayisi ndiwo amagamula ngati chipolopolo chalasa kapena ngati gulu lathawa. Osewera ambiri amakonda nkhondo za Aroma, za Napoleon monga ya Waterloo ya mu 1815, ndi Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse.

Masewera a Dungeons & Dragons a mu 1974 anachokera ku malamulo a masewera a nkhondo a tizidole otchedwa Chainmail a mu 1971.