Mwana wodziwa njira ndi mwana wodziwa mapu

Mwana wa zaka 7 wa m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Domwe, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amatha kutumidwa kudimba, n'kudzera njira yachidule ya kuseri kwa manda, n'kubwerera ina chifukwa mtsinje wadzaza, koma osasochera. Mwana yemweyo akapatsidwa pepala kusukulu kuti ajambule njira yochokera kwawo kukafika m'kalasi, kawirikawiri amagwira njakata. Aphunzitsi ndi makolo ambiri akaona zimenezi amafulumira kugamula kuti mwanayo mutu wake sugwira. Chigamulo chimenechi n'cholakwika, ndipo chimabwera chifukwa chosakaniza zinthu ziwiri zimene akatswiri a kakulidwe ka maganizo a ana anazilekanitsa kalekale: kudziwa malo, ndi kuzindikira kuti chizindikiro chikuimira malowo. Choyambacho mwana wa ku Angónia amafika nacho kusukulu chitakhwima kale. Chachiwiricho palibe mwana wobadwa nacho, kaya ku Ulongwe kaya ku Lisbon, ndipo chimafunika kuphunzitsidwa mwadala.

Akatswiri akamanena za kuganiza za malo satanthauza luso limodzi lokha. Muli kudziwa pamene chinthu chili poyerekeza ndi chinzake, muli kutembenuza chinthu m'maganizo osachigwira, ndiponso muli kulingalira mmene malo akuonekera kwa munthu amene waima kwina. Mu 1948 Jean Piaget ndi Bärbel Inhelder a ku Geneva anatulutsa buku lofotokoza mmene mwana amamvetsera malo. Iwo anati mwana amayamba ndi kuyandikana, kulekana, mkati ndi kunja; kenako amazindikira kuti chinthu chimasintha maonekedwe malinga ndi pamene woonayo waima; pomaliza m'pamene amagwira za miyeso, makona ndi kutalika kwa mtunda. Poyesa gawo lachiwirilo anaika timapiri titatu patebulo, nakhazika mwana mbali imodzi ndi chidole mbali ina, n'kumuuza kuti asankhe chithunzi cha zimene chidolecho chikuona. Ana aang'ono ankasankha chithunzi cha zimene iwo eni akuona, ndipo Piaget anati mwana wotere amakhala womangika m'maso mwake. Koma mu 1975 Martin Hughes ku Edinburgh anasintha funsolo. Anaimika timakoma tiwiri topingasana, naika kachidole ka wapolisi, n'kupempha mwana kuti abise kamnyamata pamene wapolisiyo sangakaone. Ana a zaka 3 ndi theka mpaka 5 anakhoza pafupifupi maulendo 9 pa 10 alionse. Amene anaonapo ana akusewera chibisalirano sangadabwe nazo. Luso linalipo mwa anawo. Chimene chinalibisa ndi kafunsidwe.

Mfundo ina yofunika m'gawoli ndi ya poyambira, kutanthauza chinthu chimene munthu amatsamira polongosola malo. Stephen Levinson ndi anzake anasonyeza kuti zilankhulo zimagwiritsa njira zitatu. Wina amayambira pa thupi lake, n'kunena kuti kumanja kapena kumanzere. Wina amayambira pa chinthu chimene chili ndi kumaso ndi kumbuyo kwake, monga ponena kuti nkhokwe ili kuseri kwa nyumba. Wina amayambira pa dziko lenilenilo, limene silisuntha ngakhale munthu atatembenuka: kum'mawa, kumadzulo, kumtunda, kumunsi. Anthu olankhula Tzeltal a ku Tenejapa, m'mapiri a ku Mexico, amalongosola ngakhale tinthu ta patebulo ndi mawu okwera ndi otsika phiri. M'dziko la zitunda ndi madambo ngati Angónia, kumtunda ndi kumunsi ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo mwana amawadziwa ndi miyendo yake, akamakwera ndi ndowa pamutu kuchokera kuchitsime. Tsono taonani zimene sukulu imachita. Imapachika mapu pakhoma, n'kuika kumpoto kumwamba. Mtsinje wa Linthipe, umene umachoka kumapiri a ku Dedza n'kukathira m'nyanja ya Malawi, pamapu oterowo umaoneka ngati ukukwera kudenga. Mwana amene akukayikira zimenezi ali ndi chifukwa chomveka, pakuti akudziwa kuti madzi sakwera. Chimene sanauzidwe n'chakuti kuika kumpoto kumwamba ndi pangano chabe la ojambula mapu.

Apa m'pamene tafika pa chizindikiro, ndipo umboni womveka kuposa wonse unachokera kwa Judy DeLoache wa pa yunivesite ya Illinois mu 1987. Iye anakonza kachipinda kakang'ono kofanana ndendende ndi chipinda chenicheni chimene chinali pafupi, kokhala ndi timipando ndi katebulo pamalo ofanana. Mwana akuonerera, ankabisa kagalu kachidole kuseri kwa kampando ka m'kachipindako, n'kumuuza kuti galu wamkulu wabisidwa pamalo omwewo m'chipinda chachikulu. Ana a zaka 3 ankapita molunjika n'kumupeza pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse. Ana a zaka 2 ndi theka sankafika n'kamodzi komwe pa kasanu. Sikunali kuiwala, chifukwa akabwezedwa ku kachipindako ankatulutsa kagalu kaja mosavuta. Chimene chinkawakanika n'kusunga m'mutu zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti kachipindako ndi chinthu pakokha, chokoma kuchigwira, komanso kuti kakunena za chipinda china. DeLoache anati chizindikiro chilichonse chimafuna kuonedwa pawiri chotere. Mu 1997 iye ndi anzake anatsimikiza mfundoyi m'njira yochenjera: anachititsa ana a zaka 2 ndi theka kukhulupirira kuti makina ena afinya chipinda chachikulu chija n'kukhala chaching'ono. Popeza tsopano kwa anawo chipinda chinali chimodzi, panalibenso choimira chinzake, ndipo ankapeza chidolecho.

Kuona pawiri kumeneku sikutha pa zaka 3. Chizindikiro chilichonse chatsopano chimabwera ndi mapangano ake, ndipo mwana amayenera kudziwa kuti pa zimene akuona papepalapo ndi ziti zonena za dziko ndipo ndi ziti za pepala lokha. Lynn Liben ndi Roger Downs, pofufuza mmene ana a ku America amawerengera mapu, anapeza ena akunena kuti msewu wojambulidwa ndi mzere wofiira ndi wofiiradi, ena akukana kuti mzerewo ungakhale msewu chifukwa galimoto singakwanemo. Kwa mwana wa m'malire funsoli ndi lalikulu kuposa pamenepo. Pa Lizulu, msewu wa M1 wochoka ku Ntcheu kupita ku Dedza umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo anthu amaoloka ndi matumba a mbatatesi, kabichi ndi tomato, akulankhula chilankhulo chimodzi mbali zonse. Pamapu pali mzere wokhuthala, dziko lina lobiriwira lina lachikasu. Mzerewo sukuimira chinthu chooneka ngati mtsinje kapena phiri. Ukuimira mgwirizano wa Britain ndi Portugal wa mu 1891. Kuti mwana amvetse zimenezi ayenera kuvomereza kuti chizindikiro chingathe kuimira ngakhale chinthu chimene maso sangachione, ndipo imeneyi si ntchito yaing'ono.

Kusakaniza luso la malo ndi luso la pepala kunavulazapo kale ana a kuno kwathu. Mu 1960 William Hudson ku South Africa anafalitsa mayeso a chithunzi cha mlenje wonyamula mkondo, mphalapala ili pafupi, njovu yaing'ono ili pachitunda chakutali. Amene anayankha kuti mlenjeyo akulasa njovu ankawerengedwa kuti saona kuya kwa chithunzi, ndipo ena anatengerapo mwayi kunena kuti Aafirika saganiza bwino za malo. Yankho lamphamvu linachokera ku Zambia. Mu 1979 Robert Serpell anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England powapatsa zithunzi ndi zoumba zoti atengere. Pogwiritsa pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Pogwiritsa waya, ana a ku Zambia, ozolowera kupinda galimoto zamawaya, anawasiya kutali anzawowo. Poumba ndi dongo anafanana. Serpell ndi anzake anakonzanso mayeso otchedwa Panga Munthu, amene mwana amaumba munthu ndi dongo m'malo momujambula. Amene waonapo galimoto yamawaya pafupi amadziwa kuchuluka kwa nzeru zimene zili mmenemo: matayala anayi ofanana kukula, chitsulo cholumikiza akutsogolo chimene chimakhota mwini akapotoza chiwongolero chachitali, mbali ya kumanja yofanana ndi ya kumanzere, ndipo zonsezo zitachepetsedwa pa muyeso umodzi kuchokera ku lole imene mwanayo anangoiona ikudutsa.

Wina anganene kuti zonsezi n'kudzitonthoza chabe, chifukwa mayeso a boma salembedwa ndi waya, ndipo woyeza malo, namwino wowerenga tchati kapena mlangizi wa zaulimi wophunzira ku Universidade Zambeze ku Ulongwe amagwira ntchito ndi pepala ndi kompyuta. Zoonadi, ndipo palibe akunena kuti pepala lisiyidwe. Komanso umboni wa DeLoache womwewo umachenjeza amene angaganize kuti kungobweretsa zidole m'kalasi n'kokwanira. Iye anapeza kuti ana akaloledwa kuseweretsa kachipinda kaja asanayesedwe, ankalephera kwambiri, pamene kakaikidwa kuseri kwa galasi kuti asakakhudze, ngakhale aang'ono aja ankachita bwinoko. Ng'ombe yadothi imene mwana waumba ndi ng'ombe yake, ili ndi dzina ndi khola. Kuti ikhale chizindikiro cha ng'ombe khumi pa masamu pafunika munthu wamkulu amene anene momveka kuti lero ikuimira chiyani. Ntchito ya mphunzitsi ili pamenepo, ndipo siifuna ndalama. Atulutse ana pabwalo, ajambule sukulu yawo padothi ndi kamtengo, kum'mawa kwa chojambulacho kuloze kum'mawa kwenikweni. Mwala uwu ukhale ofesi, njerwa iyi ikhale chitsime, chitsononkho ichi chikhale mtengo wa mango. Abise choko penapake, aloze malowo pa chojambulacho, ana akachifune. Mawa lake ana abise okha n'kulozera anzawo. Zikatero chojambulacho chisamutsidwire papepala logonekedwa pansi, lolozabe kumene dziko laloza, ndipo lipachikidwe pakhoma pamapeto penipeni. Paulus Gerdes, katswiri wa masamu amene anagwira ntchito ku Mozambique kuyambira mu 1976 mpaka imfa yake mu 2014, anatha zaka zambiri akusonyeza kuti m'madengu, m'mphasa ndi m'zojambula zapamchenga muli jometri yokwanira kuyambirapo phunziro. Lichero la pakhomo lingagwire ntchito yomweyo.

Chotsutsa china n'cha chilankhulo: ena amati popeza Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma ndi cha maphunziro apamwamba, kuli bwino mwana ayambe nacho pa tsiku loyamba. Koma mawu a malo ndiwo zogwirira za kuganiza kumeneku. Kafukufuku wa Shannon Pruden, Susan Levine ndi Janellen Huttenlocher wa mu 2011 anapeza kuti ana amene ankamva ndi kutchula mawu ambiri onena za kukula ndi maonekedwe a zinthu ali aang'ono, anadzachita bwino pa mayeso a malo atafika zaka 4 ndi theka. Mwana wa Chinyanja amasiyanitsa panyumba, kunyumba ndi m'nyumba asanayambe n'sukulu yomwe. Kumulanda zonsezi n'kumufunsa za mapu m'chilankhulo chimene sanachigwire ndiko kumusenzetsa akatundu awiri nthawi imodzi, ndipo akagwa sitidziwa kuti wamugwetsa ndi uti. Mozambique inayesa kale njira ina: pakati pa 1993 ndi 1997 ntchito ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza asanasamukire ku Chipwitikizi, ndipo kuchokera pamenepo maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'dongosolo la sukulu za pulayimale. Chipwitikizi chimakhazikika bwino chikapeza mfundo imene mwana waimvetsa kale.

Palinso amene amati luso limeneli ndi lobadwa nalo, ndipo ndi la anyamata. Mu 2013 David Uttal ndi anzake anaunika kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 217 ndipo anapeza kuti luso la malo limakula likaphunzitsidwa, mwa amuna ndi akazi omwe, ndiponso kuti phindu lake limakhalitsa. Kale mu 1971 Robert ndi Ruth Munroe anaona pakati pa Alogoli a ku Kenya kuti ana amene ankayenda kutali ndi kwawo ankachita bwino pa ntchito zotere. Ngati mnyamata akupita ndi ng'ombe kudambo pamene mlongo wake watsala pakhomo ndi khanda kumbuyo, kusiyana kumene kudzaoneke m'kalasi tisakuike pa chibadwa. Ndipo ku Chongoni, m'boma la Dedza lomwe lachita malire ndi Angónia, kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zambiri mwa zojambula zoyera za Achewa zimakhudzana ndi chinamwali, kumene akazi ankaphunzitsa atsikana kudzera m'zizindikiro. Amene amaphunzitsa aphunzitsi ku Tete aike phunziro la mapu apadothi m'chaka choyamba cha pulayimale, m'Chinyanja, ndipo kamtengo kojambulira kaperekedwe kwa mtsikana kaye.