Mmene Otikita Minofu a ku London Anapulumutsira Ntchito ya Manja Awo

M'chaka cha 1894 ntchito yotikita minofu inali itada mbiri mumzinda wa London. Magazini ya madokotala ya British Medical Journal inafalitsa nkhani zoti nyumba zina zimene zinkaitanira anthu kuti akatikitidwe zinali malo a uhule, ndipo atsikana osauka ankalipira ndalama kuti aphunzire ntchitoyi kwa kanthawi kochepa, n'kupatsidwa masatifiketi opanda pake, kenaka n'kugwera m'manja mwa eni nyumbazo. Chonsecho lusoli linali ndi chiyambi cholemekezeka. Ku Stockholm, Per Henrik Ling anatsegula sukulu mu 1813 yophunzitsa kuchiza thupi pogwiritsa ntchito masewera olimbitsa thupi ndi manja a mphunzitsi, ndipo ku Amsterdam dokotala Johann Georg Mezger ankatikita ngakhale anthu a m'mabanja achifumu. Koma munthu amene akutikitidwa amavula, amagona, amapereka thupi lake kwa wina. Chikhulupiriro chikachoka pamenepo, phindu lonse la manjawo limachoka nacho, ndipo mbiri ya ntchitoyi ku Britain ikuonetsa kuti chinaipulumutsa ndi malamulo otetezera chikhulupiriro chimenechi.

Amayi anayi, anamwino ndi azamba, ndiwo anaona zimenezi msanga: Lucy Robinson, Rosalind Paget, Elizabeth Anne Manley ndi Margaret Palmer. Mu 1894 momwemo anayambitsa bungwe la Society of Trained Masseuses. Sanabweretse katikitidwe katsopano ayi. Anaika mayeso, ndipo wolemba mayesowo ankayenera kudziwa kapangidwe ka thupi, mafupa ndi minofu yake. Anagwirizananso kuti membala asatikite munthu popanda chilolezo cha dokotala, asalengeze ntchito yake m'nyuzipepala wamba, ndiponso asatikite mwamuna pokhapokha dokotala atapempha chifukwa cha matenda. Lamulo lomalizali lero lingaoneke lokhwima mopitirira, koma linkateteza mayi wogwira ntchito kwa amuna obwera ndi zolinga zina, ndipo linkauza wodwala kuti chipinda chimene akulowacho n'chachipatala.

Zipatso zake zinaoneka nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba. Mu 1914 gulu la otikita minofu la Almeric Paget linatumiza amayi 50 ophunzitsidwa bwino kukathandiza asilikali ovulala m'zipatala, ndipo chiwerengerochi chinakwera kwambiri nkhondo ili mkati. Kumeneko anaphunzira kuti mwendo umene wakhala nthawi yaitali osayenda sudzuka ndi kusisita kokha, umafuna kupindidwa, kuwongoledwa ndi kuyendetsedwa. Mu 1920 bungwe la amayi anayi aja linalandira chikalata cha mfumu, amuna nawonso anayamba kulowa, ndipo mu 1944 linatenga dzina la Chartered Society of Physiotherapy. Mafizo amene wodwala sitiroko amachita m'zipatala zathu lero ali pa mzere umenewu.

Ena amati amayiwa anagula ulemu pa mtengo wokwera, chifukwa anaika luso la manja pansi pa madokotala, amene ambiri anali amuna, n'kupangitsa aliyense wopanda pepala kuoneka ngati wabodza. Mfundoyi ili ndi mutu. Kutikita sikunayambire m'kalasi. Kwathu kuno agogo akhala akuthowa mayi wongobereka kumene ndi kansalu konyika m'madzi otentha, ndipo mwana amaponda msana wa bambo ake akabwera kumunda atatopa. Palibe amene anawalembetsa mayeso. Koma tisaiwale kuti pakhomo pali ubale, wothowa ndi wothowedwa amadziwana, ndipo cholakwika chikachitika mudzi wonse umamva. Mumzinda waukulu, pomwe mlendo akugwira thupi la mlendo mnzake chifukwa cha ndalama, ubale umenewo kulibe, choncho pamafunika china cholowa m'malo mwake. Komanso kugonjera madokotala sikunakhale mpaka kalekale: pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, a mafizo ku Britain analoledwa kuona wodwala ndi kusankha chithandizo paokha.

Enanso amanena kuti kutikita n'kongosangalatsa thupi basi, sikuchiza kanthu. N'zoona kuti sikuchotsa matenda a shuga kapena khansa, ndipo amene amalonjeza zotere akubwereza chinyengo cha m'nyumba za 1894 zija. Chimene kafukufuku amaonetsa n'chochepa koma chenicheni: ululu wa msana ndi khosi umatsika kwa kanthawi, minofu yokungika imamasuka, nkhawa imachepa. N'chifukwa chake malangizo amene bungwe la zaumoyo la NICE linatulutsa ku England mu 2016 amalola kutikita munthu wodwala msana, koma pokhapokha ngati akuchitanso masewera olimbitsa thupi. Kanthawi ka mpumuloko n'kofunika, chifukwa munthu amene ululu wamuchepera amayamba kuyenda, ndipo kuyendako ndiko kumabwezeretsa mphamvu. Maphunziro aja amathandizanso kudziwa pamene manja ayenera kuleka. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, akutentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kutikita pamenepo kungakankhire magazi oundanawo kumapapo. Munthu wotere amafunika kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, osamuthowa kapena kumusisita.