Progressive rock

Progressive rock, yomwe ambiri amangoitchula mwachidule kuti prog, ndi chamba cha nyimbo za rock chomwe chidayambira ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo chidafika pachimake pakati pa 1970 ndi 1976. Chimadziwika ndi nyimbo zitalizitali, zina zopitirira mphindi 20, kagundidwe kosinthasintha, luso lakuya pa zida, komanso kubwereka kapangidwe ka nyimbo za jazz ndi za classical za ku Ulaya. Magulu otchuka kwambiri pa chambachi ndi King Crimson, Yes, Genesis, Jethro Tull, Pink Floyd ndi Emerson, Lake & Palmer. Liwu loti progressive limanena za chinthu chopita patsogolo. Oimbawa ankakhulupirira kuti rock, yomwe akuluakulu ankaiona ngati phokoso lovinira achinyamata, ikhoza kukula mpaka kulandira ulemu wofanana ndi wa nyimbo za Bach kapena Stravinsky. Ndi mitundu yochepa ya nyimbo imene idagawa anthu ngati umenewu: ena amauyesa luso losayerekezeka, ena amati ndi matama basi.

Chiyambi

M'chaka cha 1967 mudatuluka ntchito zitatu zomwe zidalambula njira. Gulu la The Beatles lidatulutsa chimbale cha Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, chomwe chidasonyeza kuti chimbale chikhoza kumvedwa ngati chinthu chimodzi chathunthu, osati mulu wa nyimbo zosagwirizana. Procol Harum idatchuka ndi nyimbo ya "A Whiter Shade of Pale", yomwe limba lake limamveka ngati la m'tchalitchi ndipo limatsata kalembedwe ka Bach. The Moody Blues nayo idajambula Days of Future Passed mothandizidwa ndi okhestra, gulu lalikulu la oimba mavayolini ndi zitoliro.

Komabe olemba mbiri ambiri amaloza ku In the Court of the Crimson King, chimbale choyamba cha King Crimson, chomwe chidatuluka mu October 1969. Miyezi itatu chisadatuluke, pa 5 July, gululi lidaimba ku Hyde Park mumzinda wa London pamsonkhano waulere wa The Rolling Stones, ndipo khamu lomwe lidabwerera a Stones lidachoka likukamba za anyamata osadziwikawa. Chimbalecho chili ndi nyimbo zisanu zokha. Yoyamba, "21st Century Schizoid Man", ndi yaukali, ya gitala ndi sakisofoni zothamanga pamodzi mosaphonyana, pamene yotsatira ndi yofatsa, ya chitoliro. Kulumpha kotere, kuchoka paphokoso n'kugwera mubata, kudasanduka chizindikiro cha chamba chonse.

Oimba ambiri a prog adachokera kumwera kwa England, m'mabanja opeza bwino ndithu, ndipo angapo adaphunzira piyano kapena kuimba m'kwaya ya mpingo wa Anglican ali ana. Chris Squire wa Yes ndi mmodzi mwa iwo. Genesis idayambira pasukulu ya Charterhouse, imodzi mwa sukulu zodula za m'dzikolo. Katswiri wina wa zoimbaimba, Edward Macan, m'buku lake la mu 1997 lotchedwa Rocking the Classics, adasonyeza momwe maimbidwe a m'tchalitchi adalowera m'chambachi. Mbiri imeneyi idadzakhala chida m'manja mwa otsutsa.

Kapangidwe ndi zida

Kutalika kwa nyimbo za prog kudatsata kukula kwa chimbale cha nthawi imeneyo. Mbali imodzi ya chimbale chachikulu inkanyamula mphindi pafupifupi 20 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo oimba adayamba kuyesa kudzaza mbali yonse ndi nyimbo imodzi. Mu 1972 mokha, Yes idatulutsa "Close to the Edge" ya mphindi zoposa 18, Genesis idatulutsa "Supper's Ready" ya mphindi pafupifupi 23, ndipo Jethro Tull idadzaza mbali zonse ziwiri za Thick as a Brick ndi nyimbo imodzi. Nyimbo zotere sizibwereza ndime ndi kolasi monga zimachitira za pa wailesi. Zimagawidwa m'zigawo, ndipo kamayimbidwe kena komwe kadamveka koyambirira kamadzabweranso kumapeto katasintha liwiro kapena chida.

Kagundidwe nako n'kachilendo. Nyimbo zambiri za rock munthu amaziwerenga mpaka 4 n'kuyambiranso. Mu prog muli zowerengedwa mpaka 5, 7 kapena 9, ndipo zimatha kusintha pakati pa nyimbo. Chitsanzo chodziwika ndi "Money" ya Pink Floyd, yomwe imawerengedwa mpaka 7 koma imabwerera ku 4 gitala ikayamba kulira yokha. N'chifukwa chake prog ndi yovuta kuvina. Anthu ankaimvera atakhala pansi.

Zida zitatu zidapatsa chambachi mamvekedwe ake: limba la Hammond, synthesizer ya Moog, ndi Mellotron. Mellotron, yomwe inkapangidwa ku Birmingham, inali kiyibodi yokhala ndi matepi m'kati. Batani lililonse likakanikizidwa linkaseweretsa tepi ya mawu a vayolini, chitoliro kapena kwaya kwa masekondi pafupifupi 8, kenako n'kuduka. Inali yolemera, yosachedwa kufa, ndipo mphamvu ya magetsi ikasinthasintha inkasokoneza mawu. Koma gulu la anthu anayi linkatha kumveka ngati okhestra, ndipo kunjenjemera kwa matepiwo, komwe kunali vuto, n'komwe okonda prog amakusaka mpaka lero.

Ngakhale zikuto za zimbale zinali mbali ya ntchitoyo. Roger Dean adajambulira Yes zisumbu zoyandama mumlengalenga. Ndi yemweyonso adajambula njovu zouluka pa zimbale zoyamba za Osibisa, gulu la oimba a ku Ghana, Nigeria ndi Caribbean lomwe linkakhala ku London.

Pachimake

Lero prog imaoneka ngati nyimbo za anthu ochepa, koma m'nthawi yake inkadzaza mabwalo a masewera. Thick as a Brick idafika pa nambala 1 ku United States, ngakhale mtsogoleri wa gululo, Ian Anderson, adanena kuti adailemba moseka zimbale zodzitukumula za anzake. The Dark Side of the Moon ya Pink Floyd, yojambulidwa ku Abbey Road n'kutuluka mu March 1973, idakhala masabata 741 pamndandanda wa Billboard pakati pa 1973 ndi 1988, ndipo yagulitsidwa makope oposa 45 miliyoni. Chaka chomwecho Tubular Bells ya Mike Oldfield, yomwe pafupifupi yonse ndi ya zida zokha, idakhala chimbale choyamba cha kampani ya Virgin Records ndipo idailemeretsa.

Chambachi chidawoloka nyanja. Ku Italy anthu adakonda Genesis ndi Van der Graaf Generator magulu amenewa asadatchuke kwenikweni kwawo, ndipo kudabadwa magulu monga Premiata Forneria Marconi. Ku France, Christian Vander wa gulu la Magma adapeka chinenero chakechake choimbira, Kobaïan. Ku Canada kudatuluka Rush, yomwe chimbale chake cha 2112 cha mu 1976 chidaipulumutsa kampani yake itatsala pang'ono kuitaya.

Ndalama zitachuluka, zionetsero zidakula mopyola muyezo. Peter Gabriel wa Genesis ankakwera pansanja atavala diresi lofiira ndi mutu wa nkhandwe. Tales from Topographic Oceans ya Yes, yotuluka kumapeto kwa 1973, inali ya zimbale ziwiri koma nyimbo zinayi zokha, ndipo idatopetsa ngakhale woimba kiyibodi wa gululo, Rick Wakeman, yemwe amasimba yekha kuti tsiku lina ku Manchester adadya chakudya pansanja anzake akuimba. Adachoka m'gululo mu 1974, koma chaka chotsatira iye mwini adakonza chionetsero cha nkhani ya Mfumu Arthur ku Wembley, ovina akutsetsereka pa madzi oundana. Mu 1977 Emerson, Lake & Palmer idanyamuka ulendo wa ku America ndi okhestra yathunthu, n'kuibweza pasadapite nthawi chifukwa ndalama zinkatha.

Chitsutso

Otsutsa adalipo kuyambira pachiyambi. Olemba nkhani za nyimbo ku America, monga Lester Bangs ndi Robert Christgau, ankaona kuti rock mphamvu yake ili m'kuphweka kwake ndi m'mizu yake ya blues, nyimbo za anthu akuda a ku America, ndipo kuti prog idataya mizu imeneyo pofuna kusangalatsa aphunzitsi a nyimbo za ku Ulaya. John Peel, muulutsi wa BBC yemwe adathandiza magulu ambiri a prog kudziwika, adanena kuti Emerson, Lake & Palmer inali kungowononga luso ndi magetsi. Ena ankaseka mawu a nyimbozi, odzaza ndi mafumu, nthano ndi zinsinsi zovuta kumva, m'nthawi imene Britain inali pa mavuto a ulova ndi kukwera mitengo kwa zinthu.

Punk itabuka mu 1976, idasandutsa chitsutsochi kukhala mbendera yake. Nyimbo za punk zinali za mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo uthenga wake unali wakuti aliyense akhoza kuyambitsa gulu popanda kuphunzira zida zaka 10. John Lydon wa Sex Pistols adadziwika koyamba atavala malaya a Pink Floyd omwe adawalembapo mawu osonyeza kudana ndi gululo.

Nkhani yoti punk idapha prog imabwerezedwa kawirikawiri, koma ndi yokokomeza. Mu 1977 momwemo, Going for the One ya Yes idafika pa nambala 1 ku Britain. Lydon yemweyo, atafunsidwa pa wailesi ya Capital kuti asankhe nyimbo zomwe amakonda, adasankhamo za Peter Hammill wa Van der Graaf Generator. The Wall ya Pink Floyd ya mu 1979 idagulitsidwa koopsa, ndipo boma la tsankho la South Africa lidaletsa nyimbo yake ya "Another Brick in the Wall" mu 1980 ana a sukulu atayamba kuiimba pa zionetsero zotsutsa maphunziro atsankho. Chimene punk idachita chinali kuchotsa ulemu wa prog pamaso pa atolankhani. Kwa zaka pafupifupi 20, kukonda prog kunali chinthu chochititsa manyazi pang'ono, chosatchula pagulu.

Magulu akuluakulu adasintha okha. Genesis, motsogozedwa ndi Phil Collins Gabriel atachoka mu 1975, pang'ono ndi pang'ono idatembenukira ku nyimbo zifupizifupi za pa wailesi. Yes idalandira Trevor Rabin, woimba gitala wobadwira ku Johannesburg, ndipo nyimbo yawo ya mu 1983, "Owner of a Lonely Heart", idafika pa nambala 1 ku United States. Mpaka lero otsatira magulu awiriwa amakangana kuti Genesis kapena Yes yeniyeni ndi iti.

Chifukwa chake zikadali ndi omvera

Zomwe otsutsa amadana nazo ndi zomwezo zimene okonda prog amazitchula akamaiteteza. Nyimbo ya mphindi 20 yokhala ndi zigawo zingapo siimveka yonse ulendo woyamba. Womvera akaibwereza kachisanu amapeza kuti kamayimbidwe ka besi ka kumapeto kadabisika kale koyambirira, ndipo chisangalalo chake n'chofanana ndi cha kuwerenganso buku lalitali. Amene amafuna nyimbo yomugwira msanga, yovinika kapena yonena za moyo wake mwachindunji, amaona kudikira kumeneku ngati chilango. Onse awiri akumva zinthu zomwezo. Amasiyana pa ntchito imene amafuna kuti nyimbo iwagwirire.

N'zoonanso kuti si zonse zidapirira nthawi. Zionetsero za pa madzi oundana ndi kulira kwa ng'oma zokha kwa mphindi 10 zidatsalira m'nthabwala, ndipo filimu ya mu 1984 ya This Is Spinal Tap idaseka matama a oimba rock a nyengoyo mokwanira. Zomwe zikumvedwabe kwambiri ndi zimbale zomwe luso lake limatumikira nyimbo, monga Close to the Edge, Selling England by the Pound ya Genesis ndi Red ya King Crimson.

Chambachi chidapulumukanso chifukwa cha kukhulupirika kwa otsatira ake. Gulu la Marillion, lomwe lidatsitsimutsa prog m'zaka za m'ma 1980, lidalibe ndalama zokaimbira ku America mu 1997, ndipo otsatira ake adasonkha okha madola pafupifupi 60,000 kudzera pa intaneti. Kenako adalipiriratu chimbale cha Anoraknophobia cha mu 2001 chisadajambulidwe, njira yomwe oimba ambiri adadzaitengera. Magulu monga Dream Theater, Tool ndi Opeth adaphatikiza prog ndi heavy metal n'kukopa achinyamata omwe anali asadabadwe mu 1973. Steven Wilson wa Porcupine Tree adayamba mu 2009 kukonzanso mamvekedwe a zimbale zakale za King Crimson, kenako za Jethro Tull ndi Yes, ndipo chaka chomwecho ku Britain kudayamba magazini yotchedwa Prog. Mu 2010 Kanye West adagwiritsa ntchito kachigawo ka "21st Century Schizoid Man" m'nyimbo yake ya "Power".

Dzina lenilenilo likadali lolemera kunyamula. Radiohead idakana kutchedwa gulu la prog pamene OK Computer ya mu 1997 inkayerekezedwa ndi ntchito za Pink Floyd, ndipo Robert Fripp wa King Crimson sadalikondepo dzinali. Bungwe la Rock and Roll Hall of Fame la ku Cleveland lidalandira Pink Floyd mu 1996, koma Genesis idadikira mpaka 2010, Rush mpaka 2013 ndipo Yes mpaka 2017, Chris Squire atamwalira kale mu 2015. Pofika 2024, King Crimson, Jethro Tull ndi Emerson, Lake & Palmer zinali zisadalandiridwebe. King Crimson idaimba komaliza ku Tokyo mu December 2021, ndipo Genesis idatsanzika ku London mu March 2022, Phil Collins akuimba ali pampando, mwana wake Nic akuomba ng'oma.