Mtengo wa Radia Perlman ndi masiku anayi a ku Boston

Sabata ino ndikufuna tibwerere m'mbuyo pang'ono pa nkhani ya manetiweki a m'makampani. Ndaona kuti ambiri a ife timaphunzitsa mawu atatu aja, switch, router ndi firewall, ngati mayina a mitsinje oloweza pa mayeso a jogalafe. Mwana amalemba tanthauzo lake bwinobwino pa MSCE, koma mukamufunsa chifukwa chake zipangizozi zili zitatu m'malo mwa chimodzi, amangoyang'ana kudenga. Chikhalirecho yankho lake lili m'mbiri. Lamulo lililonse la mu netiweki linabadwa chifukwa cha vuto linalake, ndipo amene analilemba anali ndi msinkhu wa netiweki umene ankauganizira. Netiweki ikakula kupitirira msinkhuwo popanda munthu woikonzanso, lamulo lomwe lija limasanduka msampha.

Tiyambire mu 1973, pamene Bob Metcalfe ndi anzake a ku Xerox PARC ku California anayambitsa Ethernet. Poyamba makompyuta onse ankalumikizidwa pa chingwe chimodzi, ndipo ankalankhula ngati anthu pa bwalo la milandu: mmodzi akamayankhula, ena onse akhale chete. Makompyuta atachuluka, mauthenga anayamba kuwombana pafupipafupi. Nzeru imene inapezeka inali kudula chingwecho m'zigawo n'kuika pakati kachipangizo kotchedwa bridge. Kachipangizoka kamaona adilesi ya amene watumiza uthenga n'kukumbukira khomo limene uthengawo walowera. Uthenga wopita kwa kompyuta yosadziwika, kapena wopita kwa onse, kamangoutulutsira pa makomo ena onse. Switch imene mumaiona mu labu ya pasukulu ndi mdzukulu wa bridge yomweyo, kungoti ili ndi makomo ambiri. Kampani ya Kalpana ndi imene inatchuka ndi switch zoyambirira mu 1990, ndipo Cisco inaigula mu 1994.

Tsono vuto linali apa. Munthu wanzeru amafuna njira ziwiri pakati pa nyumba ziwiri, kuti chingwe china chikaduka chinacho chigwire ntchito. Koma njira ziwiri zimapanga mkombero. Uthenga wopita kwa onse umatuluka pa chingwe choyamba, kubwerera pa chachiwiri, n'kutulukanso, ndipo pamene pali switch zingapo umanka uchulukana. Uthenga wa Ethernet ulibe chowerengera chouuza kuti wayenda mokwanira, ufe. Choncho umazungulira mpaka kalekale. M'masekondi ochepa zingwe zonse zimadzaza, magetsi a pa switch amaphethira onse pamodzi, ndipo palibe amene angatumize kanthu.

Amene anathetsa vutoli ndi mayi Radia Perlman, mu 1985, akugwira ntchito ku Digital Equipment Corporation. Njira yawo ndi imene timaitcha Spanning Tree Protocol, ndipo bungwe la IEEE linaivomereza mu 1990 pa nambala 802.1D. Imayenda motere. Switch zonse zimasankha imodzi kukhala tsinde la mtengo. Kenako iliyonse imapeza njira yaifupi yokafikira ku tsindelo, ndipo makomo otsala amene angapange mkombero amatsekedwa, kudikira tsiku limene njira yaikulu idzaduke. Switch zimatumizirana timauthenga masekondi 2 aliwonse. Masekondi 20 akadutsa osamva kanthu, zimadziwa kuti kwagwa zovuta n'kuyamba kuwerengeranso, ndipo pofika potsegula khomo latsopano pamatha kudutsa masekondi 30 mpaka 50.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna ana anga akale amene muli m'mabanki ndi m'maofesi muzigwire. Choyamba, tsinde limasankhidwa potengera nambala yochepetsetsa. Switch zimachoka ku fakitale ndi nambala yofanana, 32768, ndiye ngati palibe amene waisintha, imene ili ndi adilesi yotsika ndiyo imapambana. Kawirikawiri imeneyo imakhala switch yakalekale, yofooka, imene inaiwalika pansi pa desiki ya wina. Ufumu umagwera munthu amene mbumba sinamusankhe. Chachiwiri, masekondi ndatchula aja anawerengeredwa poganiza kuti uthenga sudzadutsa switch zoposa 7 kuchoka mbali ina ya netiweki kukafika mbali inayo.

Nambala 7 imeneyi ndi imene inagwetsa chipatala cha Beth Israel Deaconess mumzinda wa Boston ku America. Chipatalachi chinapangidwa mu 1996 pophatikiza zipatala ziwiri, ndipo netiweki yake inakula monga mmene imakulira nyumba ya pamudzi: chipinda chowonjezera chaka chino, khonde chaka chamawa, popanda wobwerera kukaona maziko. Switch inkalumikizidwa pa switch inzake mpaka mbali zina zinapitirira malire aja. Kwa zaka zingapo zonse zinkaoneka bwino. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Lachitatu pa 13 November 2002, kompyuta ya wofufuza wina inayamba kukhuthulira deta yochuluka mu netiweki. Timauthenga ta Spanning Tree tinayamba kuchedwa ndi kusowa, switch zinasiya kumvana za mtengo wawo, makomo amene anayenera kukhala otseka anatseguka, mikombero n'kubadwa. Madokotala sanathenso kuona zotsatira za ku labu pa kompyuta kapena kuitanitsa mankhwala. Netiweki inkadzuka n'kugwanso, kudzuka n'kugwanso, kwa masiku pafupifupi anayi. Pamapeto pake akuluakulu anagamula kuti abwerere ku mapepala, ndipo antchito ankathamanga m'makonde atanyamula mafomu pamanja. Akatswiri a Cisco anabwera kudzathandiza. Mkulu wa zamakompyuta pachipatalapo, Dr John Halamka, amenenso ndi dokotala, sanabise nkhaniyi. Anaifotokoza poyera kuti zipatala zina ziphunzirepo, n'chifukwa chake ife tikuidziwa lero.

Mankhwala ake sanali kugula switch zikuluzikulu zokha ayi. Anaigawa netiwekiyo m'zigawo zing'onozing'ono n'kuika router pakati pake. Apa ndi pamene mwana wa Fomu 4 angamvetse kusiyana kwa zipangizo ziwirizi. Router siyang'ana adilesi ya Ethernet koma ya IP, ndipo paketi ya IP ili ndi chowerengera chimene Ethernet ilibe. Router iliyonse imene paketi yadutsapo imachotsera 1 pa nambalayo, ndipo ikafika pa 0 paketiyo imatayidwa. Ngakhale mkombero utachitika, paketi siingazungulire mpaka muyaya. Komanso router siilola uthenga wopita kwa onse kuwolokera chigawo china. Moto ukabuka m'chipinda chimodzi umathera momwemo.

Nawonso malamulo a router ali ndi mbiri yofanana. RIP, imene inalembedwa mwadongosolo mu 1988, imangowerenga kuchuluka kwa router za panjira, ndipo imalekera pa 15. Malo otalikira kuposa pamenepo kwa iyo kulibe. Masekondi 30 aliwonse imauza anansi ake njira zonse zimene ikudziwa, ndipo anansiwo amakhulupirira ngati mphekesera za pachitsime. Makampani atakula anasamukira ku OSPF, imene inatuluka mu 1989 ndipo mtundu wake wachiwiri unabwera mu 1991. Mu OSPF router iliyonse imakhala ndi mapu a dera lonse n'kudziwerengera yokha njira yaifupi, pogwiritsa ntchito masamu amene Edsger Dijkstra anafalitsa mu 1959. Aphunzitsi a masamu, pamenepa muli ndi choyankha mwana akakufunsani kuti masamuwa adzawadyera kuti.

Nanga kusefa kunabwera bwanji? Manetiweki oyambirira anali a mayunivesite ndi malo ofufuzira kumene anthu ankadziwana. Pa 2 November 1988 pulogalamu yodzichulukitsa yokha imene analemba Robert Tappan Morris, wophunzira wa ku Cornell, inafalikira pa intaneti n'kufooketsa makompyuta zikwi zingapo. Kuchokera nthawi imeneyo anthu anayamba kufunsa mozama kuti paketi iliyonse iyenera kuloledwa kulowa kapena ayi. Pa router za Cisco ntchitoyi imachitika ndi mndandanda wa malamulo wotchedwa access list. Router imauwerenga kuchokera pamwamba, ndipo lamulo loyamba limene lagwirizana ndi paketi ndilo limagwira ntchito, otsatirawo saonedwanso. Kumapeto kwake kuli lamulo losaoneka lokana chilichonse chimene sichinatchulidwe. Ndiye munthu akaika lamulo lolola zonse pamwamba, ndiye kuti mlonda wagona. Akaiwala kulola njira imene iye mwini walowera, amadzitsekera kunja kwa nyumba yake. Mu 1998 kunabweranso 802.1Q, imene imalola switch imodzi kugawidwa m'manetiweki osiyana otchedwa VLAN, okwana mpaka 4094, kuti makompyuta a ku ofesi ya ndalama asamamve zolankhula za alendo.

Mtengo wa mayi Perlman sunatayidwe. Mu 2001 unafulumizitsidwa n'kukhala Rapid Spanning Tree, yotha kupeza njira ina m'kanthawi kochepa. Chochititsa chidwi n'chakuti mwini wake yemwe sankafuna kuti anthu azimanga manetiweki akuluakulu pa mtengowo. Iwo anagwiranso ntchito pa IS-IS, mlongo wake wa OSPF, ndipo pambuyo pake anatsogolera TRILL, imene inasindikizidwa mu 2011, yobweretsa nzeru za router m'kati mwa switch. Wopanga chida ankadziwa malire ake kuposa ogwiritsa ntchito.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili: musanalembe matanthauzo pa bolodi, jambulani switch zitatu zolumikizana ngati mafuwa, mupatse ana choko kuti atsatire uthenga umodzi wopita kwa onse. Bolodi likadzaza mizere, auzeni za Boston. Kwa inu ana anga amene muli pantchito, mawa m'mawa mudzifunse mafunso atatu. Tsinde la mtengo wa pa ofesi yanu ndi switch iti, ndipo anaisankha ndani? Uthenga umadutsa switch zingati usanakumane ndi router? Nanga mapu a netiweki yanu anajambulidwa komaliza chaka chiti? Ngati yankho la funso lachitatuli ndi chaka chimene munali mu Fomu 2, tengani pepala ndi pensulo mulowe m'chipinda cha mawaya.