Chikope Si Chithunzi, Abale Anga

Dzana pamsika wa Lundazi ndinaima pakhomo pa mnyamata wometa tsitsi, maso ali pa mitu itatu yojambulidwa ndi penti pachikwangwani chake. Umodzi unali wa mkulu wadazi, makwinya ali pamphumi, ndevu zitachita imvi, ngati angotsegula pakamwa n'kukulonjerani. Apo mtsikana wina anakodola mnzake: "Ona chikope, anamudrowinga bwino!" Mtima unandiwawa, chifukwa luso lotere linayenera kutamandidwa ndi mawu olifika.

Abale anga, chikope ndi chophimba diso, chija timaphethira nacho. Kwa anzathu olankhula Chibemba liwulo limatanthauzadi chithunzi, ndipo n'chuma chawo. Ife tili ndi chathu. Chimodzimodzi "ndikopeni" amene timauza mwini kamera. Kukopa ndi kuja amachita mayi wa tomato, kunyengerera wogula ndi pakamwa pozuna. Wotenga nkhope yanu, kaya ndi kamera kaya ndi bulashi, amakujambulani. Mtondo timasema, mbiya timaumba, khoma timalocha. Mthunzi ndi wa mtengo. Chithunzithunzi ndi chija chimakutsatani dzuwa likapendeka.

Luso lojambula munthu monga momwe alili lili ndi mbiri yake. Ku France, Gustave Courbet anakana kukometsera nkhope. Anajambula anthu wamba a kwawo ku Ornans ali pamaliro, pachinsalu chachikulu chonga chija ankasungira mafumu, ndipo mu 1855 anadzitsegulira yekha chionetsero ku Paris. Kufupi ndi kwathu, Thomas Baines anafika ku Zambezi ndi David Livingstone mu 1858, nakhala ku Tete akujambula anthu a kumeneko. Ojambula otere sankabisa chipsera kapena khwinya, ndipo n'chifukwa chake ndimawalemekeza.

Nanga ife tidzaisimba bwanji nkhope ya agogo ngati tangotsala ndi "ni yabwino"? Penti ndi bulashi tinabwereka, palibe mlandu, poti tinalibe. Koma mphini za pamasaya, nsidze, kumwetulira, tsinya, zonsezi tinabadwa nazo pakamwa.

Ndinamuitana mtsikana uja. "Mwanawe, tanena kuti wamujambula ndendende." Anachita manyazi pang'ono, kenaka anabwereza kawiri, akuyang'ana mkulu wadazi uja pachikwangwani.